Matayala Otentha M'mwezi wa Juni

Mlongo wanga anagula galimoto imene sinkatha kufika ku Nabvutika kumene tinakulira. Inali yachikasu, ya zitseko ziwiri, yaifupi moti nkhuku sikanadutsa kunsi kwake osawerama. Pa bampu iliyonse ya m'tauni inkakhula mimba, iye n'kumakukuta mano ngati yakhulidwa ndi mimba yake. Kumaliro akumudzi ankakwera minibasi ngati ife tonse, galimoto itatsala m'galaja, itafunditsidwa nsalu. Koma ikangolira, Chipata yonse inkadziwa kuti uja ankayenda wopanda nsapato zake zinayera, ndipo n'zimene anaigulira.

Ine ndine wamkulu kwa iye. Amai atamwalira anali asanamalize pulaimale, ndipo ndinamlera ndi zitumbuwa zimene ndinkagulitsa pa msika wa Kapata. Atakula anapeza ntchito yoombolera anthu magalimoto ndi katundu pa malire a Mwami, zinthu zinamuyendera, anamanga nyumba ya mpanda kumtunda kwa tauni. Nthawi imeneyo ukwati wanga unali utatha. Ndinakhala kwa mwamuna zaka zisanu ndi ziwiri popanda ngakhale kupita padera, mpaka apongozi anandiuza pamaso kuti atopa kudyetsa nkhuku yosaikira. Mlongo wanga anandiitana kuti ndikamsungire nyumba. Makiyi onse anali m'chiuno mwanga, a geti, a chipinda cha ufa ndi shuga, ngakhale a kabati ya mbale za alendo.

Kenako anakwatira. Mlamu wanga anali mwana wa alimi a thonje ndi mtedza, Mkatolika wa kolona m'khosi, wamanja okhakhala ndi mawu otsika. Ife ndife Angoni, ng'ombe zinapita kwawo monga mwa mwambo. Sabata isanathe mlongo wanga anati, "Asisi, makiyi mupatseni mwini nyumba." Ndinawamasula m'chiuno, ndinasamukira m'kachipinda kakuseri kogundana ndi galaja. Chaka chisanathe mlamu anabereka mwana wamkazi, wamphumphu, wa maso a amai athu.

Chimene chinkandiwotcha mtima n'chakuti mkaziyo sankandilakwira. Akanakhala wamwano ndikanapuma, ndikanapeza chokanena kwa anzanga kumsika. Koma ankagogoda pakhomo panga ndi mbale yovundikira, n'kugwada, n'kunena kuti, "Alamu, shuga akatha muzinena." Ine kukanena za shuga kwa iye, m'nyumba imene makatani ake ndinasankha ndine! Ankandipatsa mwana kuti ndimbereke, poganiza kuti akunditonthoza. Ndinkambereka, ndinkamva kufunda kwake pamsana, kenako mwini wake ankabwera kudzamtenga kuti akayamwe. Ndinamuda mlamu wanga, ndipo ndinamuda mwakachetechete kwa zaka zitatu.

Mlongo wanga sankadziwa kuyendetsa chobwerera m'mbuyo. Lamulungu lina masana, anzake ali pabwalo ndi mabotolo, anayesa katatu kulowetsa galimoto ija m'galaja, kachitatu n'kukhulitsa galasi pa khoma. Mlamu, mwana ali kumsana, ananena motsitsa mawu, "Abambo, ndiyeseko?" Anzake anafa nazo kuseka, iye n'kumuponyera kiyi kuti asekenso bwino. Mlamu anamasula mwana, anandipatsa, anavula patapata, analowa. Galimoto inalowa kamodzi kokha, mowongoka, iye atagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi. Tonse sitinkadziwa kuti ali mtsikana ankayendetsa kalole ka kuparishi konyamula thonje. Anzake aja anawomba m'manja, wina anafuula kuti, "Bwana, lembani ntchito madamu!" Mlongo wanga anaseka ndi mano okha.

Kuyambira tsiku limenelo linakhala lamulo kuti galimoto ija asaikhudze munthu. Ku Mwami sankapita nayo, ankaopa fumbi ndi malole, ndipo ntchito ikachuluka ankagona komweko masiku awiri kapena atatu. Kiyi ankaisiya dala pa msomali wa m'chipinda chawo ngati nyambo. M'mutu mwake anali atagamula kale kuti mkazi wodziwa kuyendetsa ali nako kumene amapita.

Kutsogolo kwa woyendetsa kunali kagalasi koonetsa chithunzi cha galimotoyo, ndi nambala pa tayala lililonse. Manambalawo ankanena kutentha kwa matayala. Ndimamva kuti ochita mipikisano ndi amene amawafuna, koma mlongo wanga anawapezera ntchito yake. Anandifotokozera tsiku lina akupukuta galasi ndi mpango wa m'thumba.

"Makilomita amabweza, asisi, ineyo ndabwezetsa ambiri. Petulo amathira wina. Fumbi amapukuta, mapazi a matayala amasesa. Koma tayala likayenda limatentha, ndipo kutentha sungakupatse chiphuphu."

Akabwera kuchokera ku Mwami sankayamba wapereka moni. Ankalowa m'galaja, kuchotsa nsalu, kudina batani, kuwerenga manambala anayi, kenako n'kufunsa ngati tadzuka bwino.

Juni wa ku Chipata amaluma. Mphepo imatsika m'mapiri m'mamawa n'kulowa mpaka m'mafupa, milomo imang'ambika, madzi a m'ndowa amapweteka zala. Ine ndinali ndisanasiye zitumbuwa, kuti ndisamapemphe ndi sopo yemwe. Panja mphepo inkauluzira phulusa m'mafuta, ndiye mwini wake akachoka ndinkalowa ndi mbaula m'galaja, n'kukhala pakona, pafupi ndi tayala lakumbuyo. Sindinkaganiza kanthu, ndinkangothawa mphepo.

M'mawa wina mlongo wanga anatsitsidwa ndi mnzake pa geti cha m'ma seveni. Ndinali nditangomaliza kukazinga, mbaula nditatulutsa. Analowa m'galaja monga mwa masiku onse, ndipo patapita kamphindi ndinamva akuitana mkazi wake ndi mawu amene sindinawamvepo. Ndinathamangira komweko mwana ali m'manja. Pa kagalasi paja matayala atatu anali pa 12, lakumbuyo lakukona linali pa 33.

"Inapita kuti motoka?"

"Sinatuluke, abambo."

"Manje tayala ili ladwala malungo?"

"Gwirani boneti, ndi yozizira."

"Chitsulo chimazizira msanga, labala amasunga. Atatuwa yawaomba mphepo ya pachitseko. Ili lakukona ndi limene lakuulula."

Anamugwira pakhosi pa malaya n'kumugwaditsa pa simenti yozizira ija. Anamuuza kuti agunditse tsaya pa tayala. Mlamu anagunditsa.

"Ukumva chiyani?"

"Ndi lofunda."

"Kweza mawu, asisi amve."

"Ndi lofunda, abambo."

Apo ndi pamene maso anga anagwa pansi, ndipo ndinaona kaphulusa kozungulira ndi madontho a mafuta, phazi limodzi kuchokera pa tayala lija. Ndinamvetsa zonse nthawi yomweyo. Mawu anakwera mpaka pakamwa, anali ochepa, akanatha m'mpweya umodzi. Koma ndinayang'ana mkazi amene anatenga makiyi anga atagwada, tsaya lili pa tayala, ndipo ndinakondwa. Sindibisa, ndinakondwa ngati munthu waludzu amene wapeza madzi. Ndinasuntha phazi, ndinaponda phulusa lija ndi patapata n'kulifafaniza pang'onopang'ono.

Madzulo ake mlongo wanga anabwera m'kachipinda kanga, koyamba chisamukire. Anakhala pa bedi ngati mmene ankakhalira ali mwana akafuna kanthu. "Asisi, inu ndinu maso anga pano. Ndikamanyamuka pa boda ndizikuimbirani kuti mutsegule geti mwakachetechete. Iye musamuuze." Kuchokera ku Mwami kufika kunyumba ndi ulendo wa theka la ola. Anandipatsa theka la ola limenelo ndi manja ake.

Masabata awiri ndinalimbana nazo, ndisaname kuti Satana anandidzidzimutsa. Ndinkaziganiza ndikukanda ufa, ndinkaziganiza ndili m'tchalitchi. Ndinaona kuti tayala limodzi ndi umboni wopunduka, munthu wanzeru akhoza kuufunsa mafunso. Anafunika onse anayi.

Foni inalira m'mawa wina wa Julaye, kunja kuli nkhungu. Mlamu anali kubafa akusambitsa mwana. Ndinadzaza mbaula ndi makala, ndinakupiza mpaka utsi unatha, ndinalowa nayo m'galaja n'kutseka chitseko. Ndinapinda nsalu ija m'mwamba kuti isagwire moto. Ndinaika mbaula pafupi ndi tayala loyamba, ndinawerenga Atate Athu katatu, chifukwa ndinalibe wotchi ndipo ndi pemphero limene ndimadziwa kutalika kwake, kenako ndinasunthira pa lachiwiri. Ndinkaopa petulo, ndinkadziwa kuti kamoto kamodzi kakhoza kunditengera kumanda pamodzi ndi galimoto. Pofika pa lachinayi loyamba linali litayamba kuzizira, ndiye ndinazunguliranso kachiwiri. Fungo la labala linadzaza m'galaja. Ponyamula komaliza chogwirira chinandiwotcha pa dzanja, ndinaluma mlomo kuti ndisakuwe.

Potuluka ndinakumana ndi mlamu akukataya madzi osambira. Anayang'ana mbaula, anayang'ana manja anga opanda chiwaya.

"Alamu, lero simukazinga vitumbuwa?"

"Ndimaotha chabe."

Anayang'ana chitseko cha galaja kwa kanthawi, kenako anakhuthula beseni lake pa maluwa. Ndikhulupirira kuti tsiku limenelo mtima wake unakana kuganiza zimene maso ake anaona.

Mlongo wanga atadina batani, manambala onse anayi anali m'mwamba. Sanakuwe. Anatulutsa foni n'kujambula kagalasi kaja, mofatsa, kawiri. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Asisi, munaona kanthu?"

"Ine sindinaone kanthu. Ndinangomva ngati geti likulira m'bandakucha, ndiye ndinati kapena ndi maloto."

Anamulowetsa m'chipinda n'kukhoma chitseko. Ndinamva lamba akutuluka m'thalauza. Ndinanyamula mwana n'kupita naye kuseri kukamuonetsa anapiye, ndipo ndinamuimbira nyimbo mokweza. Chibwenzi cha mlamu mlongo wanga anachita kuchipanga yekha m'mutu mwake, anasankha wophunzitsa kwaya wa kutchalitchi kwawo, bambo wachikulire amene mlandu wake unali wopereka moni ndi manja awiri. Mlamu analetsedwa kupita kukwaya, foni yake inaphwanyidwa ndi mwala pakhonde.

Ndinachitanso kumapeto kwa mwezi womwewo, kachitatu ndikawerengera kosadziwa kaja. Kachitatuko kanalibe ntchito, nkhani inali itapsa kale. Ndinachita chifukwa dzanja linali litazolowera.

Ankhoswe anakumana pakhonde Loweruka. Kwawo kunabwera amalume ake pa njinga, ndi amai ake atafunda zitenje ziwiri. Kwathu kunabwera akulu awiri a kuchimuna. Foni ya mlongo wanga inayenda dzanja ndi dzanja, ndipo nkhalamba zosadziwa ndi pothirira petulo pomwe zinagwedeza mitu pa manambala aja ngati zikuwerenga kalata ya kuchipatala. Amalume ake okha ndi amene anafunsa funso la nzeru.

"Alipo amene anamuona ali pamseu ndi galimotoyi? Galimoto yolira chonchi, yachikasu, m'tauni yaing'ono ngati ino?"

"Munthu amanama, amaopa, amadyetsedwa," anayankha mlongo wanga. "Makina alibe mbale."

Anamufunsa mlamu ngati ali ndi mawu. Anali atakhala pansi, miyendo yotambasula, diso limodzi lisanaphwe. Sanandiyang'ane. Anati, "Ndinaona alamu akutuluka m'galaja ndi mbaula yopanda chiwaya, tsiku limene manambala anakwera. Aoneni pa dzanja, ali ndi bala la moto."

Ndinamva maso onse ali pa ine, ndipo ndinadziwa kuti ndikachedwa mpweya umodzi ndatha. Ndinavula duku n'kuliponya pansi. Ndinapinda manja a juzi mpaka m'zigongono, ndinatambasula mikono yonse iwiri pamaso pa akuluakulu. Mikono yanga ndi yamathothomathotho, mafuta otentha a zaka makumi awiri analembapo.

"Bala liti, mlamu? Sankhani! Ili ndi la yunifomu yake, ili ndi la nsapato zake zoyamba, ili ndi la mayeso a giredi naini. Ndinapsa kuti uyu akhale munthu. Lero ndasanduka mfiti yowotcha matayala? Chifukwa ndilibe mwana, ndilibe wondiyankhulira, ndiye mlandu wa chigololo chanu ugwere ine?"

Misozi inatuluka yeniyeni, n'zimene zimandiopsa mpaka lero. Mlongo wanga nayenso analira. Amalume a mlamu anawerama mutu, kenako anauza mwana wa mlongo wawo kuti wawonjezera mwano pa mlandu, apepese. Mlamu anayenda ndi maondo kudutsa khonde lonse mpaka pamapazi anga.

"Pepani, alamu."

Ndinamusiya atagwada mpaka ndinamaliza kumanga duku.

Ankhoswe anagamula kuti mlamu apite kwawo akapume, mawu amene aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Za mwana sanakambirane nthawi yaitali. Ng'ombe zinapita, mwana ndi wa kuchimuna, ndipo mkazi wochoka ndi mlandu wotere analibe pakamwa potsutsira. Amai a mlamu anayesa kupempha kuti mwana akule kaye pang'ono, akulu athu anati pakhomo pali azakhali ake, ndi mai ameneyo.

Anachoka Lolemba m'mawa ndi chikwama chimodzi ndi ndowa. Mlongo wanga anali atapita kale ku Mwami kuti asaone. Pa geti mwana anakakamira chitenje cha amai ake ndi manja onse awiri, akukuwa mpaka mawu anasasa. Mlamu sanathe kumuchotsa. Ndinagwada ine, ndinamasula tizala tija kamodzikamodzi, ndikamasula dzanja ili linalo lagwiranso, mpaka ndinawapanikiza onse awiri m'dzanja langa limodzi. Ndinamunyamula akundimenya ndi miyendo m'mimba, ndinakankha geti ndi phewa.

Makiyi anabwerera m'chiuno mwanga tsiku lomwelo. Mwana analira masabata atatu, anadwala, anaonda, kenako anasiya kufunsa. Mvula isanathe anali akunditchula kuti amai, ndipo sindinamukonze. Mlamu anabwera kawiri, ndi nkhuku ndi kathumba ka mtedza. Lamulo linali lakuti asatsegulidwe, ndipo wosatsegulayo ndinali ine. Mwana atayamba kuzindikira n'kufunsa chifukwa chake anzake amanena kuti ine si amai ake enieni, ndinamuuza kuti amene anamubereka anaba galimoto ya adadi kupita nayo kwa amuna, n'kumuthawa ali wamng'ono. Ndinamuuza kangapo, ndikumupesa tsitsi, mpaka anaziloweza ngati katekisimu.

Ufumu wanga sunafike chaka. Mlongo wanga anakwatira wina, wa m'tauni, wa zikhadabo zopaka utoto. Ameneyo sanadikire kuti auzidwe, anatambasula dzanja tsiku lachiwiri nati, "Makiyi." Shuga ankachita kuyeza ndi supuni. Mwana wa mnzake sankamufuna m'nyumba yaikulu, ankamutsina m'ntchafu mosaoneka ndi bambo ake, ndipo atabereka wake anatulutsa kabedi ka mwana uja n'kukaika pakhomo panga. Tinakhala awiri m'kachipinda kogundana ndi galaja. Ndinalandira zimene ndinaphika, ndipo panalibe woti ndimudandaulire.

Chisanu chotsatira kagalasi kaja kanayamba kuwalitsa nyali yochenjeza m'mawa uliwonse. Tsiku lina mlongo wanga ananditenga kuti akanditsitse kuchipatala, n'kuyamba wadzera kwa womata matayala wa ku Kapata, bambo wa ovolosi yakuda amene anali atakhala pa tayala lakale akuotha mbaula yake. Bamboyo anayeza mpweya ndi chida chake chapamanja, anapopa pang'ono, anasuzumira pa kagalasi n'kuseka.

"Bwana, manambala awa musamawatenge ngati Baibulo, makamaka nthawi ino yozizira. Kachipangizo kali pa valavu apa, popopera mpweya. Kamamva chitsulo ndi mpweya wapafupi, sikamva labala woponda pamseu. Mukhoza kuthamanga m'mamawa mpaka ku boda, mphepo ikukaomba, kadzakuuzani kuti tayala likali lozizira. Mukaimika padzuwa, mbali imodzi idzakwera, ina ayi."

Mlongo wanga anafunsa pang'onopang'ono, ngati munthu woponda pa minga. "Motoka ili chiimire, osayenda, nambala ingakwere?"

"Ah, bwana, onani."

Anakankha mbaula yake ndi nsapato mpaka pafupi ndi tayala lakutsogolo, n'kubwerera kukakhala. Ine ndinali m'kati, pa mpando wa wokwera. Mlongo wanga anaima pa chitseko chotsegula, akuyang'ana kagalasi. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu, ndipo ndinapemphera, Mulungu andikhululukire, kuti kachipangizoko kafe. Kenako nambala inasuntha. Inakwera kamodzi, inaima, inakweranso. Womata matayala ankaseka, akunena za kasitomala wina amene anafuna kugula matayala atsopano chifukwa cha mbaula yomweyo. Mlongo wanga anaonerera nambala ija mpaka inapitirira 30, ndipo sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Tinayenda mpaka pafupi ndi chipatala. Ndinali nditakonzeka kumenyedwa, kutukwanidwa, kutsitsidwa pamseu. Pena ndinkafuna zimenezo, chifukwa akanati anditaye n'kupita kumudzi kukagwada kwa mkazi uja, kanthu kena kakanawongoka. Anaimika galimoto, manja ali pa chiwongolero, maso kutsogolo.

"Asisi, zimene wanena uja simunamve. Ine sindingakaimenso pamaso pa ankhoswe ngati chitsiru. Nkhani ija inatha."

Madzulo ake anamata kagalasi kaja ndi tepi yakuda. Kuyambira pamenepo sanalowenso m'kachipinda kanga, ndipo akafuna kundiuza kanthu ankatuma mkazi wake.

Mwana anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene tinakumana ndi amai ake. Unali mwezi wokolola mtedza, ndinapita naye ku msika wa Kapata kukagula mafuta, atavala yunifomu, atandigwira dzanja. Ndikanamuona msanga ndikanakhota. Anali atakhala pansi pa mzere wa amai ochokera kumidzi, thumba la mtedza lili pakati pa miyendo, wakuda ndi dzuwa, wowonda moti kolona inkaoneka yaikulu pakhosi pake. Anaimirira mwadzidzidzi, kachitini koyezera kanagwa n'kugubuduka.

"Mwana wanga," anatero.

Mwana anabwerera m'mbuyo n'kundiyang'ana. "Amai, ndi ndani awa?"

Ndinati, "Ndi amene anakubereka."

Mwana anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, mmene mai wake womupeza amayang'anira anthu. Kenako anafunsa mokweza, ndi mawu oyera a mwana wa sukulu, "Ndinu amene munaba motoka ya adadi kupita kwa amuna?"

Amai a mzere wonse anasiya kuitanira malonda. Mlamu anandiyang'ana m'maso, koyamba chichokere pakhonde paja. Ndinaima ngati mbuzi yomangidwa, kudikira mpeni. Anali ndi msika wonse womumvera, ndipo ine ndinalibenso misozi yoti ndidzitchinjirize nayo. Anayandikira n'kundifunsa motsitsa mawu kuti mwana asamve.

"Mkazi wa kunyumba kuja amamusunga bwino?"

Ndinapukusa mutu.

"Amagona ndi ndani? Akadwala amamuona ndani?"

"Ine."

"Ndikamuuza zoona adzakudani. Ndiye m'nyumba muja adzatsala ndi ndani?"

Sanadikire yankho. Ananjuta pamaso pa mwana wake, anamukonza kolala ya yunifomu imene inali yokonzeka kale.

"Eya, ndine. Ndinalakwa, mwanawe. Uzimvera anti ako, wamva?"

Anatapa mtedza ndi manja awiri n'kuthira m'kapulasitiki, anathiranso, mpaka kanatsala pang'ono kung'ambika. "Tenga nshawa, ukadye kusukulu." Mwana anaika manja kumbuyo.

"Sindilandira zinthu kwa anthu akuba."

Ndinalandira ine kapulasitikiko, chifukwa dzanja la mlamu linali likali m'malere ndipo anthu ankayang'ana. Tinachoka osagula mafuta. Titawoloka mseu mwana anandikoka dzanja, nkhope ili yowala, akudikira kuyamikiridwa.

"Amai, ndayankha bwino?"

Ndinati, "Wayankha bwino."